Chaka chimene ng'oma yathu inatsekeredwa mu ofesi

Sendera kuno mdzukulu wanga, ukhale pamphasapa. Mawu ako asasa, ndiye kuti lero mwaimba mpaka kukhosi kuuma. Amako andiuza kuti wabwera nkhope ili gwaa, ati aphunzitsi akuletsani nyimbo ina imene mumaimba timu yanu ikamasewera, ndipo inu mwapangana kuti Loweruka likudzali mukaiimba dala. Usayankhe msanga. Itana abale ako onse abwere, chifukwa nkhani imene ndikufuna kukuuzani sindinaifotokozepo yonse ngakhale kwa amanu. Ine amene mukundiona ndi ndodoyi ndinali wotsogolera nyimbo pabwalo la mpira, ndipo nyimbo yanga inaletsedwapo.

Muyambe mwadziwa Kafue amene ndinakuliramo. Atate anga anachoka ku Chadiza kudzagwira ntchito ya njanji. Tauni ino inabadwa ndi njanji, pakuti mlatho wa sitima umene mumauona pamtsinje uja unamangidwa mu 1906, agogo a agogo anu asanaganize n'komwe zobwera kuno. Kwa zaka zambiri kuno kunali siteshoni, masitolo owerengeka, sukulu ya mishoni ya Methodist kumene Harry Nkumbula anaphunzira uphunzitsi, ndi asodzi m'mbali mwa madzi. Titalandira ufulu mu 1964, boma la a Kaunda linasankha Kafue kuti akhale mudzi wa mafakitale. Kunabwera Kafue Textiles yoomba nsalu, kunabwera Nitrogen Chemicals yopanga feteleza imene inatsegulidwa mu 1970, ndipo kumunsi ku Kafue Gorge anali kumanga malo opangira magetsi. Anthu anakhamukira kuno ngati ngumbi pa nyali. Abemba, Atonga, Alozi, Alenje, ife a kum'mawa, tonse tinakumana pampopi umodzi. Ana a ogwira ntchito m'mafakitale ankagona m'nyumba zatsopano za ku Estates, enafe m'makomboni monga muno mu Nangongwe. M'kalasi tinali pabenchi imodzi, koma aliyense ankadziwa amene wabwera ndi nsapato ndi amene wabwera chapansi.

Chimene chinkatiika pamodzi ndi mpira. Masiku amenewo kampani yayikulu iliyonse inali ndi timu yake. Anthu a njanji anali ndi Kabwe Warriors, a m'migodi anali ndi Mufulira Wanderers ndi matimu ena a ku Copperbelt, ndipo kuno fakitale ya feteleza inadzakhala ndi Nitrogen Stars. Wailesi yakanema tinalibe. Mpira tinkauona ndi makutu, titazungulira wailesi imodzi ya mabatire, Dennis Liwewe akufuula ngati mwini wake ndiye ali ndi mpira kumwendo. Munthu ameneyu anabadwira ku Malawi, koma ndiye anatiphunzitsa kukonda timu ya dziko lino imene inkatchedwa KK Eleven. Chaka chimene ndikunena, 1972, ndicho chaka chimene Godfrey Chitalu wa Kabwe Warriors anagoletsa zigoli 107. Ankamutcha Ucar, dzina la mabatire amene sankatha msanga. Mnyamata aliyense womenya chimpombwa cha nsanza kuseri kwa nyumba ankadzitcha Ucar.

Ine ndinali ndi zaka 16, ndili mu Giredi 7. Musaseke, kale tinkayamba sukulu mochedwa, ndipo m'kalasi mwathu munali anyamata ometa kale ndevu. Dzina la sukulu sinditchula, chifukwa mlandu unali wanga. Kumwendo ndinalibe luso, koma Mulungu anandipatsa mawu ndi mutu wosachedwa kupeka.

Tsiku la mpira wa sukulu ndi sukulu linali ngati chikondwerero. M'mawa ana aang'ono ankatchetcha udzu ndi zikwakwa, ena n'kumathira phulusa m'mizere. Mpira weniweni wachikopa unali umodzi, ndipo unkagona mu ofesi ya ahedi pamodzi ndi mayunifomu ndi ng'oma. Ng'omayo inali yakale kuposa tonsefe. Amene watsiriza sukulu ankaipereka m'manja mwa womutsatira anzake akuona, ndipo nyimbo nazo zinkayenda chimodzimodzi, kuchoka kwa akulu kupita kwa ang'ono popanda kuzilemba papepala. Izi zimene inu mumati boostele sizinayambe ndi inu ayi. Tinkanyamuka pasukulu pamzere, ng'oma patsogolo, atsikana ndi zitini zothira timiyala, fumbi lili kobo, amayi m'makomo akuimika zochapa kuti ationere.

Nyimbo zathu zinali za mitundu itatu. Zina zinali zolimbitsa mtima, zoimba pamene tagoletsedwa ndipo anyamata ayamba kuyang'ana pansi. Zina zinali zotamanda, zotchula wosewera aliyense ndi dzina lake la pabwalo, kotero kuti ngakhale mwana wamasiye ankamva dzina lake likutuluka m'kamwa mwa anthu mazana. Zachitatu zinali zotonza a mbali inayo. Zimenezi ndizo zinkakoma, ndipo ndizo zinali zoopsa.

Sukulu imene tinkalimbana nayo kwambiri inali ndi goloboyi wamtali, mwana wa asodzi ochokera ku Luapula. Mnyamatayo ankagwira mpira ngati uli ndi ulimbo. Tinali ndi nyimbo yakale yonena kuti manja a goloboyi wa adani ndi dengu lobooka, ndipo iye akaimva ankangoseka, n'kutionetsa zikhatho zake. Anzake nawo ankatibwezera ndi yawo yonena kuti ife a kum'mawa miyendo yathu inazolowera kuthamangitsa mbewa. Panalibe wokwiya. Koma chaka chimenecho tinali titalephera kumugoletsa kawiri konse, ndipo ine ndinagona usiku ndikufunafuna mawu oti amulase pamtima.

Ndinawapeza. Amake a mnyamatayo ankagulitsa nsomba ku siteshoni. Sitima ikaima ankathamanga m'mbali mwa mawindo ndi beseni pamutu, milamba yowamba ndi nsomba zouma, kuitanira apaulendo. Tauni yonse inkawadziwa. Ine ndinapeka ndime yatsopano pa chuni chakale chija. Mawu ake sindingawabwereze pamaso panu, ndipo ndinalumbira kuti sadzatulukanso m'kamwa mwanga. Mungodziwa kuti inkanena za fungo la mayiyo, inkanena kuti mwana wawo alibe bambo wodziwika, ndipo inkatchula dzina lawo lenileni.

Inagwira ngati moto wa m'chilimwe. Ndinaiyamba kamodzi, kachiwiri bwalo lonse la mbali yathu linali kuvomera. Tinasamukira kuseri kwa golo lake, ng'oma ikulira pafupi ndi khutu lake. Mnyamata uja sanatembenuke kudzationetsa zikhatho. Mapewa ake anagwa. Mpira wofooka, woti ngakhale mwana angaugwire, unamudutsa pakati pa miyendo. Tinathamanga kuzungulira bwalo, anzanga atandinyamula pamapewa. Ndili m'mwambamo ndinaona mayi wina ataima pansi pa mtengo, beseni lili pansi, chitenje atachigwira pakamwa. Anali atasiya sitima ya masana kuti adzaone mwana wawo akusewera.

Mpira usanathe miyala inayamba kuuluka. Mwana wina wa Giredi 4, amene sankadziwa n'komwe tanthauzo la zimene ankaimba, anatemedwa pachipumi ndipo anamusoka kuchipatala. Nkhuyu zodya mwana zinapota wamkulu: Lolemba m'mawa makolo anali atadzaza pakhomo pa ofesi.

Ahedi athu anali munthu wachilungamo koma wa dzanja lolemera. Pa asembule analamula kuti kuyambira tsiku limenelo pabwalo sipadzamvekanso nyimbo ina iliyonse, yabwino kapena yoipa. Wofuna kuchemerera aziomba m'manja basi. Ng'oma anaitsekera mu ofesi, ndipo ine anandipatsa chibalo chozula chitsa cha mtengo kuseri kwa zimbudzi.

Apa ndiye panabuka mkangano umene unatenga teremu yonse. Sunali wa ana okha. Unalowa m'mabawa, m'matchalitchi, ngakhale pamzere wa pachipata cha fakitale. Anyamata amene anatsiriza sukulu kale ankati ahedi alibe mphamvu pa nyimbozo chifukwa anazipeza, ndipo adzazisiya. Ankati ng'oma si ya boma, inagulidwa ndi ndalama zosonkha ana. Aphunzitsi ena, makamaka a zamasewero, ankati walakwa ndi mmodzi, bwanji kulanga sukulu yonse. Ena ankati ayi, ndimeyo inapekedwa ndi mmodzi koma inaimbidwa ndi mazana, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe amene anatseka pakamwa. Amayi a mumpingo ankati nyimbo zonse za pabwalo n'zachikunja, zithe. Azibambo ena ankati mpira ndi nkhondo, mwana wamwamuna azilimba mtima, wolira ndi nyimbo akakhale kukhitchini. Aliyense anali ndi kachidutswa ka choonadi, ndipo aliyense ankayesa kuti kachidutswa kakeko ndiye nsalu yonse.

Ife ana tinachita zimene inu mwapangana. Mpira wotsatira tinakhala chete monga mwa lamulo, koma tinayamba kung'ung'udza chuni chija milomo ili yotseka. Panalibe mawu oti mphunzitsi angagwire, koma aliyense ankadziwa zimene chunicho chikunena. Ana aang'ono ankachiimba potunga madzi. Oyendetsa njinga ankachiliza ndi likhweru akamadutsa pa siteshoni. Mverani bwino apa, adzukulu anga. Lamulo la ahedi linaletsa nyimbo zabwino zonse, koma yoipa ija silinaiphe. Inangochoka pabwalo n'kulowa m'misewu, kumene mayi aja ankaimva tsiku lililonse.

Ndipo mpira wopanda nyimbo tinauona kuuma kwake. Unkamva phazi likugunda chikopa, unkamva wosewera akupuma. Tikagoletsedwa panalibe chowadzutsa anyamata athu. Amayi analeka kuimika zochapa, pakuti panalibenso mzere wodutsa ndi ng'oma. Zinali ngati maliro opanda olira.

Pamapeto pake anaitanitsa msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi a sukulu zonse ziwiri. Ine anandikhazika pansi kutsogolo, atate anga ali kumbuyo kwanga. Anthu analankhula mpaka dzuwa kupendeka, osamvana. Kenaka anaimirira mkulu wina wachingoni, mlonda wa pa fakitale ya nsalu, munthu amene sanapite kusukulu. Sanakweze mawu. Anawakumbutsa anthu za chimbuya.

Inu mumachidziwa chimbuya ngati nthabwala za mbewa ndi anyani, ife kuseka Abemba kuti amadya anyani, iwo kutiseka kuti timadya mbewa. Koma muzu wake ndi wakuya. Kale Angoni ndi Abemba anamenyana nkhondo, mikondo inatha anthu, ndipo nkhondoyo italeka chidani chija anachisandutsa chibale choseka. Mkulu uja anati chimbuya chili ndi malamulo ake ngakhale sanalembedwe. Loyamba, umatonza munthu amene ali ndi pakamwa pokubwezera. Lachiwiri, umatonza chinthu chimene mwini wake angathe kuseka nacho. Lachitatu, ndipo ili ndilo lalikulu, amene umamutonza ndi yemweyo amene udzamukumbire manda. Pamaliro a Mngoni, Abemba ndiwo amagwira khasu, kuphika, ndi kupaka ofedwa ufa kumaso kuti aseke pakati pa misozi. Ufulu wotonza umagulidwa ndi thukuta la kumanda.

Atatero anatembenukira kwa ine. Anafunsa ngati nyimbo ya dengu lobooka inali ndi yankho. Ndinati inde, ankatibwezera ya mbewa. Anafunsa ngati mayi a ku siteshoni anali ndi ng'oma yoti andibwezere nayo. Ndinakhala chete. Anafunsa ngati ndinali wokonzeka kukawakumbira manda. Misozi inayamba kugwera pafumbi pakati pa mapazi anga. Pomaliza anauza ahedi mwaulemu kuti munthu satentha nkhokwe chifukwa cha khoswe mmodzi. Ng'oma ibwerere, koma ana okha ndiwo aike ndimeyo m'manda, chifukwa nyimbo imafera m'kamwa mwa oimba, siifera mu ofesi.

Mawa lake atate anga anagwira nkhuku yoyera, nanditsogoza mpaka pakhomo pa mayi aja. Ndinagwada pabwalo. Iwo anandiyang'ana nthawi yaitali. Anati za fungo la nsomba sizinawapweteke, pakuti fungo limenelo ndilo linagula yunifomu ya mwana wawo, ndipo sadzachita nalo manyazi. Chimene chinawalasa n'chakuti kuyambira tsiku lija mwana wawo analeka kudzawathandiza kunyamula beseni, ankadzera njira ina kuti anzake asamuone ali ndi amake. Anati ndinawabera mwana ali moyo. Za bambo ake anandiuza kuti anamira pamtsinje bwato litagubuduzidwa ndi mvuu, mnyamatayo ali kumsana. Akulu anati mako ndi mako usamuone kuchepa mwendo. Ine ndinaphunzitsa mwana wa mnzanga kuona amake kuchepa.

Nkhuku analandira, koma anaikapo chawo. Anati kwa mlungu wathunthu ndizibwera m'mawa kudzasenza beseni mpaka ku siteshoni, ndili mu yunifomu. Ndinasenza. Madzi a nsomba ankatsikira m'khosi mpaka m'malaya. Tsiku loyamba anzanga anandiseka. Tsiku lachitatu goloboyi uja anatulukira panjira, osanena kanthu, n'kugwira mbali ina ya beseni. Kuyambira pamenepo likhweru lija linayamba kuzilala m'misewu. Wina akaliyamba, anzake omwe ankamudzudzula.

Ng'oma inatuluka mu ofesi teremu yotsatira. Tinapangana tokha malamulo atatu, ndipo ndinawapereka pamodzi ndi ng'omayo kwa amene ananditsatira: kholo la munthu silitchulidwa, chilema cha munthu sichiimbidwa, umphawi wa munthu suvinidwa. Zotsalazo, dengu lobooka, mbewa, miyendo yopindika pothawa mpira, zonse zinabwerera, ndipo zinkakoma kuposa kale.

Zaka zinapita. Ndinalowa ntchito ku fakitale ya nsalu, ndinaona makina akulira usiku ndi usana, ndinaonanso akuzima salaula atadzaza m'misika. M'zaka zonsezi ndaphunzira kuti nyimbo ya pabwalo si phokoso chabe. Pa 27 April 1993 ndege ya asilikali imene inanyamula timu ya dziko lathu kupita ku Senegal inagwera m'nyanja pafupi ndi Libreville ku Gabon. Anthu 30 anatha, mwa iwo osewera 18, ndi Chitalu yemwe uja, amene panthawiyo anali mphunzitsi wa timu. Anawaika pafupi ndi Independence Stadium ku Lusaka. Khamu lomwe linkawaimbira akagoletsa ndilo linawaimbira powaperekeza, ndipo amene tinkatonzana m'mabwalo, wa Warriors ndi wa Wanderers, tinalira titagwirana mapewa. Patapita zaka pafupifupi 19, pa 12 February 2012, mumzinda womwewo wa Libreville, anyamata athu anafika pa mapenate ndi Ivory Coast polimbirana chikho cha Africa. Amene munali obadwa mukukumbuka zimene ankachita ataima pamzere pakati pa bwalo. Ankaimba. Stoppila Sunzu anagoletsa penate yotsiriza, tinapambana 8 kwa 7, ndipo muno mu Nangongwe simunagone munthu.

Mkangano wa zoletsa suli kuno kokha. Pa mpikisano wa dziko lonse wa 2010 ku South Africa, alendo ambiri anadandaula kuti mavuvuzela akuwagonthetsa, aletsedwe. A FIFA anakana, koma a UEFA anawaletsa m'mipikisano yawo ya ku Ulaya chaka chomwecho. Ndiye mu 2020, matenda a Covid atatseka zipata, matimu akuluakulu ankasewera m'mabwalo opanda anthu, mpaka a wailesi yakanema anayamba kuika mawu a khamu ojambulidwa kale kuti mpira umveke ngati mpira. Nditaona zimenezo ndinakumbuka teremu yathu ya chete. Olamulira amatha kutseka pakamwa pa anthu, koma akatseka amazindikira kuti mpirawo unali wa oimbawo.

Ndipo musaiwale kuti amene mukumuimbira kapena kumutonza lero simudziwa kumene adzafike. Patson Daka anakulira m'fumbi lomweli la Kafue, anadzera ku Kafue Celtic, anagoletsa pa Heroes Stadium mu 2017 pamene achinyamata athu anatenga chikho cha Africa pogonjetsa Senegal 2 kwa 0, ndipo mu 2021 anagoletsa zigoli zinayi mumpira umodzi ku Moscow atavala malaya a Leicester. Mwana wotero amakula ndi mawu a anthu a kwawo m'makutu. Mawu amenewo akhoza kumuimika, akhozanso kumuthyola asanafike pa Khosa Stadium pompa.

Chotsala n'chimodzi. Atate anga atamwalira, ndili bambo wa ana atatu, m'mawa kusanache ndinamva makasu akulira kumanda. Nditapita ndinapeza munthu wamtali ali m'dzenje mpaka m'chiuno, thukuta lili chuchuchu. Anali goloboyi uja. Atatuluka anatapa ufa m'thumba, nandipaka kumaso konse, n'kunena mokweza kuti nkhalambayi yapita chifukwa mbewa zatha m'munda. Anthu anaseka, ine ndinaseka ndikulira. Amake atamwalira, khasu loyamba linali langa.

Tsono iwe mdzukulu wanga, sindikuuza kuti aphunzitsi ako alondola, sindikuuzanso kuti alakwa, chifukwa nyimboyo sindinaimve. Ukaitane anzako amene mumatsogolera nawo, mubwere mawa madzulo pakhonde pano. Agogo ako aakazi adzakhala apo, amako apo. Mudzaiimbe yonse, ndime ndi ndime, mokweza monga mumachitira pabwalo. Ndime imene idzatuluka bwino pamaso pawo, ine ndemwe ndidzatenga ndodo yanga kukakupemphererani kwa ahedi kuti ibwerere. Koma ikadzafika ndime imene mawu ako adzakakamira kukhosi, maso n'kuyang'ana pansi, imeneyo usadikire kuti wina akuletse. Pali mayi wina amene adzakhala ataima pansi pa mtengo.